Mmene mungasankhire motherboard ya Ryzen 5 kapena Core i5 osamwaza ndalama

Tiyambe ndi chinthu chomwe ma shopu sangakuuzeni: motherboard, bodi yaikulu yomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, siiwonjezera liwiro. Mukatenga Ryzen 5 7600 nkuiika pa bodi ya B650 yapakatikati, kenako nkuichotsa nkuiika pa X870E yodula kawiri kapena katatu, ma FPS, zithunzi zomwe gemu imaonetsa pa sekondi, akhala pafupifupi omwewo, ndipo video yomwe mukupanga edit ituluka nthawi yomweyo. Ntchito ya bodi ndikupereka magetsi okhazikika ku purosesa ndikulumikiza RAM, SSD, graphics card ndi ma USB, basi. Nde chomwe tikufuna apa ndi bodi yoti igwirizane ndi purosesa yanu, isamatenthe, ikhale ndi mabowo omwe mudzagwiritsedi ntchito, ndalama yotsalayo ipite ku graphics card kapena RAM komwe kusiyana kwake mumakuona ndi maso.

Mapurosesa omwe ndikukamba ndi awa apakatikati: kwa AMD Ryzen 5 5600, 7600, 7600X ndi 9600X, kwa Intel Core i5-12400F, 13400F ndi 14400F. Ngati muli ndi ina yofanana nawo njira yake ndi yomweyi.

Choyamba, purosesa kaye, bodi pambuyo

Musagule bodi chifukwa mwaiona yotchipa pa Facebook kenako nkumafunafuna purosesa yoti ilowemo. Sankhani purosesa, lembani dzina lake lonse ndi chilembo chakumapeto, kenako dziwani soketi yake. Soketi ndi pamene purosesa imakhala, ndipo ikasiyana ndiye yasiyana, palibe adaputa, palibe kukakamiza.

Ryzen 5 5600 imalowa pa AM4. Ryzen 5 7600, 7600X ndi 9600X zimalowa pa AM5, yomwe inabwera mu Seputembala 2022. Ma i5 a 12th, 13th ndi 14th gen onse ndi LGA1700. Intel yatsopano ija ya Core Ultra, monga Ultra 5 245K, ili pa LGA1851, ndipo ngakhale kukula kwake kumaoneka ngati kofanana ndi LGA1700, sizilowana ayi.

Funso lomwe liri pansi pa soketi ndi loti mawa mudzafuna kukweza purosesa osasintha bodi? AM5 ndi yomwe ili ndi tsogolo, AMD inanena mu 2024 kuti ipitiriza nayo mpaka 2027 ndi kupitirira apo, nde mukhoza kuyamba ndi 7600 lero nkudzaikapo 7800X3D kapena 9800X3D ndalama zikapezeka. LGA1700 inafika pa 14th gen, kenako Intel inasamukira pa LGA1851. AM4 ndi yakale, inayamba cha mu 2016, koma musainyoze, Ryzen 5 5600 ndi bodi ya B550 ikadali makina abwino kwa munthu wa bajeti yothina, ndipo pamwamba pake pali 5700X3D ngati mungaipeze.

Chilembo chakumapeto chija ndichofunika kwabasi. F ya Intel ndi F ya AMD, monga 12400F kapena 7500F, imatanthauza kuti mulibe graphics mkati mwa purosesa. Ryzen 5 5600 nayonso mulibe ngakhale ilibe F. Nde mabowo a HDMI ndi DisplayPort omwe mukuaona kumbuyo kwa bodi aja sadzatulutsa chithunzi chilichonse ndi mapurosesa amenewa, mpaka mutaika graphics card. Anthu amabweza bodi ku shopu ati yafa pomwe vuto ndi limeneli. 7600, 7600X ndi 9600X zili ndi ka graphics kakang'ono mkati, sika magemu koma kamakwana kuyatsa sikirini, kulemba, kuonera YouTube pomwe mukudikira card.

Chachiwiri, RAM yake ndi iti

Apa ndi pachidule koma pamagwetsa anthu. AM4 ndi DDR4 yokha. AM5 ndi DDR5 yokha. LGA1851 ndi DDR5 yokha. LGA1700 ndi yomwe imasokoneza chifukwa purosesa imavomera zonse ziwiri koma bodi imavomera imodzi, nde model yomweyo imatuluka kawiri, ina yolembedwa DDR4 kapena D4 kumapeto kwa dzina, ina ya DDR5. MSI PRO B760M-A WIFI ndi MSI PRO B760M-A WIFI DDR4 ndi mabodi awiri osiyana. Kamdulidwe ka pansi pa RAM kali malo osiyana, DDR4 siingalowe mu slot ya DDR5 ngakhale mutakanikiza bwanji, mungothyola zinthu.

Ngati muli kale ndi 16GB kapena 32GB ya DDR4 kuchokera mu kompyuta yakale, imeneyo ndi nkhani yaikulu posankha, makamaka poti kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera moopsa. Ryzen 5 5600 kapena i5-12400F pa bodi ya DDR4 ikupulumutsani ndalama zambiri kuposa kudumphira pa AM5 nkugula zonse zatsopano. Ngati mukuyambira pa ziro ndipo thumba likulola, AM5 ndi DDR5-6000 CL30, timitengo ta RAM tiwiri.

Za ma slot anayi kapena awiri, ine sindidandaula nazo kwambiri pa DDR5. Mukadzaza onse anayi liwiro limatsika, pa Ryzen 7000 AMD eni ake amalemba DDR5-3600 mukaika timitengo tinayi, nde nzeru ndikugula tiwiri tokulirapo kamodzi. Pa DDR4 ma slot anayi ndi abwino chifukwa kuwonjezera pambuyo kumayenda mosavuta.

Chachitatu, chipset, pamene pali chilembo A, B, X, H kapena Z

Dzina la bodi limakhala lalitali, TUF, Tomahawk, Aorus, Steel Legend, zonsezo ndi za malonda. Yang'anani chilembo ndi manambala atatu, ndilo dzina la chipset, chip yomwe imayendetsa mabowo ndi ma slot ambiri a bodi. Kwa purosesa yapakatikati yankho pafupifupi nthawi zonse ndi B.

Pa AM4 ndi B550. Imapereka PCIe 4.0, njira yothamanga yolumikizira zipangizo, ku graphics card ndi ku SSD imodzi ya M.2, yaing'ono ija yokhomedwa pa bodi penipeni. A520 ndi B450 zimathera pa PCIe 3.0, zimagwira ntchito inde, koma pali ma card ena otchipa monga RX 6500 XT omwe ali ndi njira zochepa zolumikizira ndipo amafooka ndithu pa PCIe 3.0. Chenjezo lina, Ryzen 5 5500 ndi 5600G pazokha zimathera pa PCIe 3.0 ngakhale mutaziika pa B550, nde musalipire zambiri poganiza kuti bodi ikonza zimenezo. X570 kwa 5600 ndi kuwononga ndalama, pokhapokha mwaipeza yachikale pa mtengo wa B550.

Pa AM5 ndi B650 kapena B850. Kusiyana kwake nkochepa, B850 ndi yatsopano, M.2 ya PCIe 5.0 imakhalapo, ndipo imadziwa kale Ryzen 9000 ikamatuluka mu bokosi. A620 ndi yotchipa, siilola overclock ya purosesa, kuithamangitsa kuposa liwiro la fakitale, koma EXPO, setingi ya AMD yothamangitsa RAM pa liwiro lake lonse, imalola, ndipo kwa 7600 ya 65W imakwana ngati ili ndi heatsink, chitsulo choziziritsira tima chip ta magetsi, kungoti ma USB ndi ma M.2 amachepa. Samalani ndi B840, dzina likumveka ngati mng'ono wake wa B850 koma mkati ili pafupi ndi A620. X870 ndi X870E zimabwera ndi USB4 ndi PCIe 5.0 ku graphics card ndi ku M.2, zabwino zedi, koma kugulira Ryzen 5 bodi yotere kuli ngati kubwereka lole ya matani 30 kuti ikanyamule thumba limodzi la chimanga.

Pa LGA1700 ndi B760 kapena B660. Zimalola XMP, mnzake wa EXPO ku Intel, kuti RAM ithamange pa liwiro lomwe munalipira, koma sizilola overclock ya purosesa, zomwe sizikukukhudzani chifukwa 12400F, 13400F ndi 14400F ndi zokhoma kale. Z690 ndi Z790 ndi za mapurosesa othera ndi chilembo K, omwe amalola overclock. H610 ndi yomwe mumaipeza kwambiri mma shopu chifukwa ndiyotchipa, nthawi zambiri ma slot a RAM awiri, M.2 imodzi, RAM siipitirira liwiro la fakitale, pa DDR4 ndi 3200. Kwa i3 kapena makina a mu ofesi ili bho. Kwa 12400F mukhoza kupirira nayo. Kwa 13400F ndi 14400F ine ndingakuletseni, chifukwa chake chili pa gawo la VRM.

Chachinayi, BIOS, ndipo apa khalani pansi muwerenge bwino

Soketi ikhoza kugwirizana koma bodi osayaka, chifukwa BIOS, pulogalamu ya mkati mwa bodi yomwe imayatsa makina, inalembedwa purosesa yanu isanatuluke. Zimachitika pa B450 ndi Ryzen 5000, pa B660 ndi H610 ndi 13th kapena 14th gen, pa B760 yoyambirira ndi 14th gen, komanso pa B650 yakale ndi 9600X yomwe inatuluka mu Ogasiti 2024. Bodi ikakhala yakhalitsa pa shelefu, ndipo kuno katundu wa makompyuta amakhalitsa, mwayi woti BIOS ndi yakale ndi waukulu.

Chochita ndi ichi. Lowani pa webusaiti ya kampani ya bodiyo, kaya ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, lembani model yeniyeni, pitani pa Support kenako CPU Support List. Pezani purosesa yanu pa mndandanda, pambali pake alemba BIOS version yomwe imafunika. Pa Gigabyte onaninso revision, ka rev 1.0, 1.1 kolembedwa pa kona ya bodi, chifukwa BIOS imasiyana malinga ndi rev. Pa bokosi nthawi zina pamakhala sitika yoti Ryzen 5000 Desktop Ready kapena Ryzen 9000 Ready, mukaiona mtima ukhale mmalo.

Koma njira yosavuta ndikugula bodi yomwe ili ndi kabatani kopangira update popanda purosesa. ASUS amati USB BIOS FlashBack, MSI amati Flash BIOS Button, Gigabyte amati Q-Flash Plus, ASRock amati BIOS Flashback. Kabatani kakang'ono kumbuyo pafupi ndi ma USB, ndipo bowo limodzi la USB limakhala lozunguliridwa ndi kamzere kapena lolembedwa BIOS. Mumatenga fulashi yaing'ono, kuipanga format kukhala FAT32, kudawuniloda fayilo ya BIOS, kuisintha dzina, pa MSI ikhale MSI.ROM, pa Gigabyte GIGABYTE.bin, pa ASUS muli kapulogalamu ka BIOSRenamer mu zip momwemo kamene kamasintha kokha. Kenako mulumikize mawaya a power supply, wa 24-pin ndi wa 8-pin wa CPU, fulashi mu bowo lake lija, dinani batani, kagetsi kayamba kuphethira. Musakhudze kanthu mpaka kasiye, zimatenga mphindi zingapo.

Kwa ife amene magetsi amatha kuzima osatsanzika, kabatani aka ndi kofunika kuposa timagetsi ta RGB, kuposa Wi-Fi 7, kuposa zonse zokongoletsa. Magetsi akazima update ili pakati pa bodi yopanda flashback, bodi ija imasanduka chidutswa cha pulasitiki mpaka mutapeza munthu wa chipangizo cholembera chip mwachindunji. Pa bodi ya flashback nthawi zambiri mumangoyambiranso. Ngakhale zili choncho pangani update muli pa UPS kapena inverter, osati pa chikhulupiriro. Ndipo ngati mwatenga 13th kapena 14th gen pangani update ngakhale bodi ikuyaka kale, mu 2024 Intel inatulutsa microcode yokonza vuto la voltage lomwe limaononga ena mwa mapurosesa amenewa, ndipo imabwera kudzera mu BIOS.

Chachisanu, VRM ndi kutentha

Yang'anani chithunzi cha bodi, kumanzere ndi pamwamba pa soketi pali timabokosi totuwa tondondozana, pambali pake tima chip takuda. Imeneyo ndiye VRM, imatenga 12V yochokera ku power supply nkuitsitsa kufika pa volt imodzi ndi pang'ono yomwe purosesa imadya. Pa ntchito imeneyi imatentha. Ikatentha kwambiri bodi imauza purosesa kuti ichepetse liwiro, nde mumapezeka kuti makina akuthamanga bwino mphindi zoyamba za render kenako akuyamba kukwawa, inu nkumaganiza kuti ndi virus.

Musasokonezeke ndi manambala a 12+2+1 kapena 16+2+2 omwe amalemba pa bokosi, kwa Ryzen 5 ndi i5 simukufuna ochuluka choncho. Chomwe mukufuna ndi chitsulo chokwirira tima chip tija, heatsink, makamaka mbali ya kumanzere. Ngati tima chip tili pamtunda osavala kanthu, bodi imeneyo ndi ya mapurosesa ang'onoang'ono.

Nambala ya 65W yomwe imalembedwa pa purosesa siiuza zonse. Ryzen 5 5600 imafika 76W, 7600 ndi 9600X zimafika 88W, 7600X yolembedwa 105W imafika 142W. Ku Intel nde kusiyana nkwakukulu, 12400F imafika 117W pa turbo, 13400F ndi 14400F zimafika 148W ngakhale zonse zinalembedwa 65W. Nchifukwa chake ndinati H610 yopanda heatsink musaiike 14400F. Ndipo kumbukirani kuti ma review ambiri omwe mumaona amayesedwa mchipinda chozizira cha aircon, pomwe inu mwina muli ku Chikwawa kapena Salima mwezi wa Okutobala, chipinda cha malata, fumbi likulowa pa windo. Bodi yomwe kwa iwo ili pamalire, kwa inu yadutsa kale malire.

Mabodi omwe amadziwika kuti ali bwino pa mtengo wapakati, kungopereka zitsanzo, pa AM4 MSI B550M PRO-VDH WIFI kapena B550 Tomahawk, pa AM5 Gigabyte B650M DS3H, ASRock B650M Pro RS, MSI PRO B650M-A WIFI kapena ASUS TUF Gaming B650-Plus, pa Intel MSI PRO B760M-A. Sindikuti awa okha, ndikuti yerekezani ndi awa mukaona ina.

Chachisanu ndi chimodzi, kukula kwake ndi kesi

ATX ndi 305 mm kwa 244 mm, Micro-ATX ndi 244 kwa 244, Mini-ITX ndi 170 kwa 170. Chilembo M pambuyo pa chipset, monga B650M, ndiye Micro-ATX, ndipo kwa anthu ambiri imeneyi ndi yomwe ili ndi nzeru, ndiyotchipa kuposa ATX, imalowa mu kesi ya ATX komanso ya Micro-ATX, ndipo chomwe mwataya ndi ma slot a PCIe omwe simukanaikamo kanthu. Mini-ITX ndi yokongola koma yodula ndipo imavuta kumanga.

Mawu amodzi kwa amene muli ndi ma Dell OptiPlex kapena HP a mu ofesi aja ogula achikale ndipo mukuganiza zongosintha bodi nkusunga kesi ndi power supply. Ambiri mwa makina amenewo ali ndi mawaya a magetsi akeake, 6-pin kapena 8-pin mmalo mwa 24-pin, mabowo a ma screw ali malo ena, waya wa batani loyatsira ndi wakewake. Chotsanimo SSD, mwina RAM ngati ndi DDR4 yaitali osati yaifupi ya mu laputopu, zinazo gulani zatsopano.

Chachisanu ndi chiwiri, werengani zomwe mudzalumikize

Tengani pepala mulembe, kiyibodi, mbewa, printer, headset, hard drive yakunja, controller, dongle ya intaneti. Kenako onani chithunzi cha kumbuyo kwa bodi muwerenge ma USB. Mabodi otchipa ena ali ndi anayi kapena asanu ndi limodzi okha, amatha msanga.

M.2 zikhale ziwiri, magemu a masiku ano amadya malo moti SSD yachiwiri mudzaifuna. PCIe 5.0 pa SSD musaithamangire, pa ntchito za tsiku ndi tsiku simungaisiyanitse ndi 4.0. Koma dawunilodani manual muone tsamba la storage, pa mabodi ena mukaika SSD mu M.2 yachiwiri ma SATA ena, mabowo a ma hard drive, amazima chifukwa amagawana njira, nde hard drive yanu ya mafilimu imangosowa mu Windows.

Wi-Fi, ganizirani mmene mumalowera pa intaneti. Ngati ndi hotspot ya foni kapena ka MiFi, monga ambiri a ife, tengani bodi yolembedwa WIFI kapena AX, imabwera ndi Bluetooth yomwe, ndipo ndiyokhazikika kuposa tima dongle ta USB totchipa tija. Ngati rauta ili pafupi ndipo mudzakoka waya, sungani ndalamayo. Sound, mabodi ambiri apakati ali ndi Realtek ALC897, imakwana pa ma speaker wamba, amene mumapanga nyimbo mudzagwiritsa audio interface ya USB nde musalipire ALC1220 pachabe.

Mkati mwa bodi onani ma header, timapini tolumikizirapo mawaya a kesi ndi ma fan. Kesi yanu ikakhala ndi USB-C kutsogolo pakufunika header yake pa bodi, apo ayi bowolo likhala lokongoletsa chabe. Ma fan header akhale osachepera atatu kuphatikiza ya CPU. Za magetsi okongoletsa, ARGB ndi 3-pin ya 5V, RGB yakale ndi 4-pin ya 12V, mukalowetsa ya 5V pa 12V timagetsi timapsa nthawi yomweyo. Ndipo ngati bodi ili ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA, BOOT, iikeni patsogolo pa mndandanda wanu, tsiku lomwe makina adzakane kuyaka timagetsi timeneti tidzakuuzani pomwe pali vuto mmalo momasula chilichonse.

Chachisanu ndi chitatu, kugula kwenikweniko

Yatsopano mu shopu, funsani waranti ndi ya miyezi ingati ndipo ndani amakonza, risiti ilembedwe model ndi serial number. Ambiri amatumitsa ku South Africa kudzera kwa achibale a ku Joni, ku ma shopu ngati Wootware, Evetech kapena Takealot, chifukwa kumakhala ma model ambiri. Ngati mukutero tumizani dzina lonse la bodi ndi link, osati kungoti mundigulire B650, invoice isungidwe, bodi ibwere mu bokosi lake ndi mu pepala lake lotuwa loteteza ku magetsi a static, isaponyedwe pansi pa katundu wolemera mu basi. Werengeraninso za msonkho pa boda, komanso dziwani kuti ikavuta waranti yake ili konko, kuibweza ndi ulendo wina. Ngati mbale wanuyo angathe kuiyesa kapena kupangitsa update ya BIOS isananyamuke, ndibwino kwambiri.

Yachikale ndi pomwe pamafunika maso. Pa AM5 ndi LGA1700 timapini tili mu soketi ya bodi, 1718 pa AM5, 1700 pa Intel, tating'ono ngati tsitsi. Tsegulani soketi, yatsani tochi ya foni, muunike chammbali osati molunjika, kenako pendeketsani bodi pang'onopang'ono. Timapini tonse tikuyenera kunyezimira mofanana ngati mizere ya nsalu, mukaona kadontho kamodzi kowala mosiyana kapena kamdima pakati pa mzere, pamenepo pini yapindika. Isiyeni, ngakhale wogulitsa anene kuti imagwira bwinobwino, pini imodzi ikhoza kupha slot ya RAM kapena kupangitsa makina kumangozima okha. Pa AM4 mapini ali pa purosesa, nde bodi yachikale ya AM4 ndiyosaopsa kwambiri, koma yang'anani mapini a purosesayo.

Nunkhizani bodi pafupi ndi VRM ndi pa 24-pin, fungo lopserera silibisika. Tembenuzani kumbuyo muone ngati pali malo ofiirira kapena okandika ndi screwdriver. Dzimbiri pa ma USB ndi chizindikiro choti inakhala pa chinyezi. Funsani I/O shield, ka chitsulo kotseka kumbuyo kaja, tinyanga ta Wi-Fi, ka screw ka M.2, ndi backplate ndi timapulasitiki togwira cooler pa AMD, chifukwa izi zikasowa kuzipeza pazokha ndi chintchito. Ndipo ndalama isatuluke musanaione ikuyaka, wogulitsa aikepo purosesa ndi RAM, ilowe mu BIOS inu mukuona, RAM ayiyese mu slot iliyonse, fulashi yanu muilowetse mu USB iliyonse.

Power supply musaiiwale mu bajeti yomweyi, bodi yabwino pa power supply yopanda dzina ndi kudikira tsoka, makamaka nthawi yomwe magetsi akubwerera atazima. Surge protector yeniyeni kapena UPS, osati extension ya pa msika yolembedwa surge pa sitika.

Chomaliza, kuyatsa koyamba

Musanaike mu kesi yesani panja. Ikani bodi pamwamba pa katoni yake, osati pa pepala lotuwa lija, osati pa bedi kapena kapeti. Purosesa ili ndi ka triangle pa kona imodzi, soketi nayo ili nako, zigwirizane, iikeni mofatsa ingokhala yokha osakanikiza. Pa AM5 ndi LGA1700 ka chivindikiro kakuda kapulasitiki kamadumpha kokha mukamatseka chitsulo, kasungeni, bodi ikadzafunika kubwerera ku waranti amakafuna. RAM ziwiri zilowe mu A2 ndi B2, kutanthauza slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku purosesa, kanikizani mpaka mumve kuti thwa. Cooler, chotsani ka pulasitiki kapansi ngati kalipo, waya wake pa CPU_FAN.

Waya wa 24-pin, kenako wa CPU pamwamba kumanzere. Wa CPU umagawanika 4+4, wa graphics card umagawanika 6+2, amafanana koma musawasinthanitse. Bodi ikakhala ndi mabowo awiri a CPU, 8 ndi 4 kapena 8 ndi 8, kwa Ryzen 5 ndi i5 8-pin imodzi ikukwana. HDMI ilowe pa graphics card ngati ilipo, osati pa bodi. Poti palibe batani, pezani timapini tiwiri tolembedwa PWR_SW kapena PW pansi kumanja, tikhudzeni tonse pamodzi ndi nsonga ya screwdriver kamodzi, ma fan ayamba kuzungulira.

Pa AM5 apa ndi pomwe anthu mtima umagunda, sikirini imakhala yakuda, kagetsi ka DRAM kali koyaka, mphindi imodzi, ziwiri, nthawi zina kupitirira. Bodi ikuphunzira RAM yanu, musazimitse. Ikadutsa mphindi 10 palibe kanthu, ndiye zimitsani, chotsani RAM imodzi musiye ya A2 yokha, yesaninso. Zikakanikabe chotsani batire la CR2032 kwa mphindi zochepa waya wa magetsi utazulidwa, bwezerani, ndipo ngati kagetsi kakuima pa CPU bwererani ku nkhani ya BIOS ija.

Ikayaka dinani Delete kapena F2 mulowe mu BIOS. Onani ngati ikuwerenga RAM yonse ndi SSD. Yatsani EXPO pa AM5 kapena XMP pa Intel ndi AM4, pa AM4 ya ASUS amalemba DOCP, apo ayi DDR5-6000 yanu izithamanga pa 4800 ndipo DDR4-3200 pa 2133 kapena 2400. Yatsani Above 4G Decoding ndi Resizable BAR, makamaka ngati card ndi Intel Arc chifukwa popanda izi imafooka kwambiri. Windows 11 imafuna TPM 2.0, gawo la chitetezo, pa AMD ndi fTPM, pa Intel ndi PTT, pa mabodi atsopano zimakhala zoyaka kale koma pa B450 ndi B550 ya BIOS yakale muziyatse nokha, poti Windows 10 inasiya kulandira ma update wamba pa 14 Okutobala 2025. Pa AM5 mukaona kuti ikuchedwa kuyaka tsiku lililonse, fufuzani Memory Context Restore muiyatse.

Pokhoma mu kesi yambani ndi I/O shield ngati ndi yapayokha, kenako werengani timiyendo tamkuwa tomwe bodi imakhalira, tikhale pansi pa mabowo a ma screw pokha, kamodzi kotsalira pamalo olakwika kamagunda kumbuyo kwa bodi nkupanga short. Mukaika Windows tsegulani Task Manager, Performance, Memory, muone ngati liwiro la RAM ndi lomwe munagula. Kenako HWiNFO64 yoonetsa kutentha mbali imodzi, Cinebench yopanikiza purosesa mbali ina kwa mphindi 10, chitseko cha kesi chotseka, masana dzuwa lili pamutu osati usiku. Yang'anani mzere wolembedwa VRM MOS ngati bodi yanu ili ndi sensa yake, komanso liwiro la purosesa ngati likutsika pakati pa mayeso. Likatsika ndipo kutentha kwa purosesa kuli bwino, ikani fani imodzi pamwamba kapena kumbuyo kwa kesi pafupi ndi VRM kuti izikoka mpweya wotentha kutulutsa panja, muyesenso.